Khasu la ku Mchinji ndi khasu la ku Chipata

Kuchoka pa boma la Mchinji kukafika ku Chipata, ku Zambia, ndi ulendo woti munthu unyamuka utamwa tiyi, nkukadya nsima ya masana komweko, nkubwerako dzuwa lisanalowe. Pakati pali chipata cha Mwami basi. Anthu ake ndi amodzi, maliro timalira limodzi, ndipo Ogasiti akamatha tonse timakakumana ku Mkaika, ku Katete, ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Malire aja umawaona bwino ukalowa pa sukulu.

Ine ndimaphunzitsa pulayimale kuno ku Mchinji. Alamu anga, amuna a achemwali, nawonso ndi mphunzitsi kutsidyako, pa sukulu ina yakumudzi kunja kwa Chipata. Chaka chathu cha sukulu chimayamba mu Sepitembala, chawo mu Januwale, ndiye kumapeto kwa Julaye ife timakhala titatsekera iwo akadali m'kalasi. Mpata umenewo ndi umene ndinapezerapo kukakhala nawo sabata yathunthu. Ndinapita ngati mlendo wokaona ana, koma mphunzitsi ndi mphunzitsi, Lachiwiri ndinali nditawatsatira kale ku ntchito.

Ataweruka, ana a Giredi 6 sanabalalike. Anatsetserekera kumunsi kwa mjigo kumene kuli dimba la sukulu, ena ndi makeni, ena ndi zigubu zodula pakamwa. Mabedi a repu, tchayinizi, anyezi, ndi tomato womangiridwa ku timitengo. Zonsezo sizinandidabwitse, madimba a sukulu nafenso tili nawo. Chimene chinandiimitsa ndi kamtsikana kena kamene sikanagwire keni konse. Kanakhala pa njerwa ndi kope lachikuto cholimba, kakuwerenga timitolo ta repu timene anzake amamanga ndi luzi. Kenaka kanaitana alamu.

"Aphunzitsi, dzulo tinalemba 32, koma tiwiri mbuzi yadya. Tilemba bwanji?"

"Nanga kwanu mbuzi ikadya, amayi ako amati agulitsa?"

Kanaseka, nkujambula mzere, nkulemba kuti zotayika. Ndinapempha kopelo. Munali tsiku limene anafesa, mtengo wa mbewu, tsiku lowokera, ndalama zimene zalowa sabata iliyonse, ndi dzina la mwana amene anapita kukagulitsa ku msewu. Malemba ake okhotakhota, ofufutafufuta, a ana enieni.

Dimba lotere kumeneko amalitcha production unit, ambiri amangoti PU. Ndi chinthu chakale, cha m'zaka za m'ma 1970, pamene Kenneth Kaunda ankafuna kuti sukulu iliyonse izipanga kenakake ndi manja ake, kaya ndi munda, nkhuku, nkhumba kapena ukalipentala. Chinafooka kwa zaka zambiri, koma dzina silinafe, ndipo akuluakulu a maphunziro a m'boma akabwera, aja amawatcha a DEBS, amafunsa kuti PU ikuyenda bwanji monga momwe amafunsira za rejisitala. Ndiko kusiyana koyamba kumene ndinakuona. Kwa anzathuwa ntchito ya manja ili ndi dzina, ili ndi mphunzitsi woiyang'anira, ili ndi buku.

Tsono ndikuuzeni za kwathu, ndipo apa ndidziyambe ndekha.

Chaka china ndinali ndi Sitandade 6, phunziro la Ulimi, mutu wake kakonzedwe ka munda wa chimanga. Ana anga ankadziwa pamtima kuti mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Ukawafunsa amayankha onse pamodzi ngati kwaya. Tsiku lina ndinati mawa aliyense abwere ndi khasu, tikayese zimenezi kuseri kwa kalasi. Kalasi lonse linangoti zii. Mnyamata wina wakumbuyo anaimika mkono.

"Sala, talakwanji?"

Anzake sanaseke, chifukwa funsolo linali la onse. Ndipo sindikanamukalipira, popeza amene anamuphunzitsa kuti khasu ndi la olakwa ndine ndemwe. Wochedwa, khasu, akakumbe dzenje la zinyalala. Wolongolola, chikwakwa, akatchetche kubwalo la mpira. Wojomba masiku atatu, akazule chitsa. Ifenso tinakula choncho, ndipo liwu limene timagwiritsa ntchito ndi chibalo, liwu lomwe makolo athu ankatchulira ntchito yokakamiza ya m'nthawi ya atsamunda. Kwa zaka zisanu ndi zitatu mwana amaona khasu likutuluka mu ofesi ya ahedi pokhapokha wina akalakwa, kenaka ife tomwe timadabwa kuti achinyamata sakufuna ulimi.

Titatuluka ndi makasu aja, zinaoneka kuti pa ana oposa 90 ochepa okha ndi amene akanatha kuonetsa ndi manja kuti masentimita 75 ndi otalika bwanji. Ana oti kwawo amalima tsiku ndi tsiku, mizere amaunga bwino kuposa ine. Nambala ya m'buku ndi mzere wa kumunda zinali zinthu ziwiri zosadziwana m'mitu mwawo. Tinadula bango loyeza pa rula ya pa bolodi, ndipo phunziro lenileni linayambira pa bango limenelo.

Si kuti aphunzitsi a kuno ndi aulesi. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, m'nthawi ya Bakili Muluzi, ana anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Makalasi sanachuluke choncho, aphunzitsi sanachuluke choncho, ndipo mpaka lero tikuthamangitsabe chiwerengero chimenecho. Munthu uli ndi ana 100 pansi pa mtengo wa mango, njira yachidule ndi kulemba pa bolodi iwo nkukopera. Pamwamba pa izo pali mayeso a MANEB. Mafunso a ulimi ndi sayansi amabwera ndithu pa mayeso a Sitandade 8, koma amabwera papepala. Palibe amene amapatsidwa malikisi chifukwa chodziwa kupanga manyowa a Mbeya. Amene amakhoza ndi wotha kusankha yankho lolondola lonena za manyowa. Sukulu imatchuka ndi chiwerengero cha ana osankhidwa kupita ku sekondale, ndiye teremu yomaliza ya Sitandade 8 dimba limamera chisoso ana ali m'kalasi mpaka madzulo.

Komabe pali chinthu chimene alamu anachita nacho nsanje atabwera kuno, ndicho TALULAR, kaphunzitsidwe kogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalopo. Umphawi unatiphunzitsa luso. Zitsekerero za mabotolo zoboola nkuzitunga pa waya ndiye chowerengera chathu. Thumba la feteleza lotha ntchito ukalisomola nkulichapa limasanduka tchati chosang'ambika. Mapu a Malawi timawaumba pansi ndi dothi, nyanja nkuthiramo madzi, phiri la Mulanje nkuika mwala. Mukalowa mu TDC iliyonse, nyumba ija imene aphunzitsi a m'zoni imodzi timakumanirana ndi a PEA, alangizi oyendera sukulu za pulayimale, mupeza zipupa zodzaza ndi zoterezi, zina zokongola zedi. Vuto lake ndi lakuti zambiri zimathera pa chipupa pomwepo. Wopanga ndi mphunzitsi, usiku, kunyumba kwake, makamaka akamva kuti njinga yamoto ya a PEA ikubwera sabata ino. Mwana amangoonetsedwa. Ndipo kalasi lopanda chitseko silisunga kanthu, chimene chiswe chasiya mbuzi imamaliza.

Ku Zambia timitengo ndi timiyala tomweto ndinationa m'manja mwa ana. Kuchigawo chawo cha kum'mawako kuli ndondomeko imene amaitcha Catch Up, ya ana a Giredi 3 mpaka 5 amene atsalira pa kuwerenga ndi masamu. Kwa ola limodzi amaiwala za giredi, nkugawa ana malinga ndi zimene akutha. Amakhala pansi mozungulira, aliyense ndi timitengo take, khumi nkumanga mtolo, mitolo itatu ndi timitengo tinayi ndiye 34. Mwana akafuna kuchotsa 8 amamasula yekha mtolo umodzi, ndipo "kubwereka" kuja kumene ife timangokuloweza iye amakuona ndi maso. Zida zake nzofanana ndi zathu. Kusiyana ndi kwakuti nthawi yake inalembedwa pa ndandanda, ndipo pali wobwera kudzaona ngati ikuchitika. Alinso ndi magulu a JETS, a ana okonda sayansi ndi zopangapanga, amene amapikisana kuyambira pa zoni mpaka dziko lonse. Mwana amene kuno timamulanda galimoto ya mawaya kuti akusokoneza anzake, kumeneko akhoza kupita nayo ku mpikisano.

Musaganize kuti ndinabwerako nditaledzera ndi zakwa eni. Alamu omwewo, titakhala pakhonde usiku, anandiuza mbali inayo.

"Alamu, musatengeke ndi dimba langali. Sukulu zina PU ndi munda wa ahedi. Ana amalima, amapalira, amakolola, chimanga chimalowa m'ngolo, osaonekanso."

Anandikumbutsanso za 2015, pamene ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso ogwira kompyuta ndi manja. Boma linalamula phunzirolo makompyuta asanafike m'sukulu zambiri, magetsi akuzimazima, moti ana ena anadikirira mzere mpaka usiku kuti apeze mpata pa makina ochepa amene analipo. Ndipo chiyambireni maphunziro aulere mpaka Giredi 12 mu Januwale 2022, pansi pa Hakainde Hichilema, makalasi awo anatupa monga anatupira athu mu 1994. Kusiyana kwake, iwo chaka chomwecho analemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000, nakweza thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, CDF, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni ya kwawoko pa dera lililonse, ndipo zina mwa ndalamazo zinagula madesiki okhomedwa ndi akalipentala a m'deralo. Koma ana 80 pa bedi limodzi la repu, ambiri amangoima nkumaonerera. Zimenezo ndinaziona ndi maso anga.

Ku sekondale ndiye kusiyana kumakula. Silabasi yawo ya 2013 inatsegula njira ziwiri, ya mabuku ndi ya luso, moti mwana wosankha ulimi, zophikaphika kapena zopalapala ankatha kutuluka ndi satifiketi ya luso ya TEVETA pambali pa ya mayeso wamba. Chosangalatsa nchakuti maiko onse awiri ali ndi bungwe lotchedwa TEVETA, koma kwathu mwana amakumana nalo atachoka kale pa sukulu, nthawi zambiri zitakanika kwina. Makoleji a luso a m'madera amene anayamba mu 2015 ndi abwino, koma amalandira munthu amene wakhala zaka 12 akuuzidwa kuti manja ndi a olephera. Zopala matabwa ndi zosula zitsulo zili m'sekondale zowerengeka, pomwe ma CDSS ambiri, sekondale zoyendera za m'madera kumene kumapita ana ochuluka, ngakhale labu alibe.

A ku Mozambique nawo ali ndi kanthu kamene ndimakasirira. Silabasi yawo ya pulayimale ya 2004 inapatula gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi yophunzira kuti likhale la zinthu za m'deralo, zimene makolo ndi aphunzitsi agwirizana. Ndiye kuti ku Angónia agogo odziwa kuluka mphasa kapena kusunga mbatata ya kachewere ali ndi khomo lolowera m'kalasi. Chowavuta ndi Chipwitikizi, chimene mwana wa Chichewa amakumana nacho pakhomo la sukulu, nchifukwa chake cha ku Lizulu ndi madera ena a m'malire a Dedza ndi Ntcheu mumaona ana akudumpha msewu m'mawa kudzaphunzira mbali ya kuno. Nafenso tisadzitame, pofika Sitandade 5 zonse zimatembenukira ku Chingerezi, ndipo mwana amene amadziwa mitundu isanu ya dothi m'chilankhulo chake amakhala chete ngati sanaonepo dothi.

Chinthu chimodzi chimene chinawoloka malire kuchokera kuno ndi phala. Bungwe la Mary's Meals linayambira ku Malawi mu 2002, ndipo ku Chipata linafika mu 2014. Mbali zonse ziwiri m'mawa umaoneka mofanana, amayi ongodzipereka atazungulira mphika waukulu kusanache, ana pa mzere, kapu m'manja, ena nkhuni pamutu. Ndakhala ndikudutsa pa mphika umenewo zaka zonsezi osaganiza kuti pali masamu, makilogalamu angati a ufa, ndowa zingati za madzi, makapu angati. Ndinaziganiza nditaona kope la kamtsikana kaja.

Titatsegulira mu Sepitembala ndinachita ziwiri. Ndinasiya kupereka chibalo cha khasu m'kalasi langa, wochedwa amatsalira kusesa ndi kukonza mabuku. Aphunzitsi anzanga ena anati ndikulekerera ana, ndipo mpaka pano sitinagwirizane. Chachiwiri, ndinagula kope lachikuto cholimba nkulipereka kwa mtsikana wina amene masamu ankamuvuta, kuti akhale mlembi wa mabedi athu anayi a mpiru. Bedi limodzi nkhuku za kwa oyandikana nafe zinafukula lonse. Atatu otsalawo anatipatsa kandalama kochepa, kamene tinkasunga m'chitini mu ofesi.

Tsiku lina choko chitatha, ahedi anatapamo kuti akagule bokosi limodzi. Si kuba, choko ndi cha ana omwewo. Koma pa buleki ndinaona mlembi wanga ataima pakhomo la ofesi, wagwada pang'ono, kope lili chotsegula m'manja awiri.

"Pepani ahedi, akuti mwatengako. Ndimati mulembe apa ndalama zake, ndi kusayina."

Ahedi anandiyang'ana ine pawindo nthawi yaitali ndithu. Kenaka anapempha cholembera.