Karoboti kakamazima musathamangire kudzudzula code ya mwana

Ndinene maganizo anga pa timagalimoto ta maroboti timene ana akuphunzira kupanga masiku anowa, chifukwa sabata yatha ndinamuvutitsa mwana wa achemwali anga pa chinthu choti wolakwa ndinali ine, mpaka pano zikundiwawabe.

Tinali ndi Arduino Uno (kabodi kokhala ngati ubongo wa karoboti), mamota awiri achikasu a magiya aja, L298N yoyendetsa mamota, ndi nyali za LED 8 za mtundu wa WS2812B. Mwanayo analemba code yake yekha (malangizo ouza Arduino zochita), kagalimoto kakamapita kutsogolo nyali ziyake zobiriwira, kakamabwerera m'mbuyo zofiira. Tili kugwira m'manja matayala ali m'malere zonse zimayenda bwinobwino, koma titangokaika pa simenti kanagwedezeka kamodzi, nyali zonse thii, kenako n'kuyambiranso poyamba. Ine n'kumamuuza kuti mphwanga taonanso bwino, walakwitsa penapake. Anawerenga mzere uliwonse katatu misozi ili lengelenge, akuti malume ine sindikuonapo cholakwika. Amanena zoona. Ine ndi amene ndinalumikiza zonse ku kabatire kamodzi ka 9V ka makona anayi kaja.

Kabatire kameneka kamanamiza anthu chifukwa 9V imamveka ngati yambiri, koma current (kuchuluka kwa moto woyenda m'waya) imene kangatulutse ndi yochepa kwambiri. Mota ikamadzuka itasenza kulemera kwa galimoto imakoka current yambiri kuposa ikamangozungulira m'malere, ndiye voteji imagwa, Arduino imazima n'kudzukanso ngati wangoiyatsa kumene. L298N nayo imadya pafupifupi 2V mota isanalawe n'komwe. Ndiye nyali zija anthu amaziderera poti ndi zazing'ono, koma WS2812B imodzi ikayaka yoyera mpaka pamapeto imatha kukoka 60mA, zikakhala 8 ndiye kuti 480mA, pafupifupi theka la ampu kungowalitsa basi. Ndipo chonde musalumikize mota pa pini (polumikizira waya) ya Arduino mwachindunji, pini imodzi imayenera kupereka 20mA, malire ake ndi 40mA, mukatero mwaotcha bodi.

Tinatenga mabatire awiri ochajika a mtundu wa 18650, onse pamodzi 7.4V, kukhala a mamota okha, Arduino ndi nyali tinazipatsa kapawabanki, n'kulumikiza GND (waya wa negetivi) ya mbali zonse ziwiri, waya umenewu mukauiwala mamota amangochita zamisala. Kuwala kwa nyali tinatsitsa kufika 40 pa 255 (255 ndiye kuwala kothera), m'nyumba kumaoneka bwino ndithu. (Ma 18650 aja mwana asamachaje yekha, amafuna chaja yake yeniyeni, akachita shoti amatentha koopsa.)

Kanayenda, koma kamakhotera kumanja. Mamota awiri ngakhale ogulidwa tsiku limodzi sathamanga mofanana, ndipo apa mwanayo sanadikire ine, anati malume zili ngati galimoto ya mawaya tayala limodzi likakula, n'kutsitsa PWM (nambala yolamulira liwiro la mota) ya kumanzere pang'onopang'ono kuchokera 200 mpaka kanaongoka.

Ndiye inu amene mukuphunzitsa ana zimenezi, ndikupempha, tsiku loyamba likhale la batire ndi multimeter (kachipangizo koyezera magetsi), code ibwere pambuyo. Mwana akalemba bwino kenako chinthu n'kukana chifukwa cha moto wochepa, amayamba kuganiza kuti mutu wake ndi umene sukugwira, ena amasiyira pomwepo osabweranso. Komanso nyali zisamangokhala zokongoletsa, karoboti kalibe pakamwa, nyali ndi zimene zingatiuze zomwe zikuchitika m'kati mwake. Tsiku lija chinatitsegula maso ndi kuzima kwa nyali nthawi imodzi ndi kudzuka kwa mamota.

Dzulo mphwanga waikamo mzere wina mu setup (gawo la code limene limayamba Arduino ikangoyaka), Arduino ikangodzuka nyali zonse ziphethire zachikasu katatu. Akuti kakadzaphethira chikasu kali pakati pa ulendo, adzayambira kuyeza batire.