Mpira wa pa bwalo lafumbi ukufuna maso athu

Loweruka lapitali ndinapalasa njinga kuchoka ku Kapata mu Chipata kupita kumudzi wina wa m'mbali mwa msewu wa ku Chadiza, kumene matimu awiri a midzi yoyandikana ankalimbirana mbuzi imodzi ndi mpira watsopano. Patha zaka zingapo ndikuyenda maulendo otere, makamaka nyengo yokolola ikadutsa, pamene minda yapuma, m'matumba mwa anthu muli kangachepe kochokera ku mtedza, soya ndi chimanga, ndipo anyamata ali ndi mpata wochita zokonzekera madzulo aliwonse. Ndaonera mpira pa mabwalo a sukulu ndi a m'midzi ku Katete, ku Chipangali, ku Kasenengwa ndi m'makomboni a mu Chipata muno, ndipo chimene ndabwera nacho pano ndi dandaulo kwa anzanga okonda mpira: masewera amene akuchitika pafupi ndi makomo athu tawasiya okha.

Bwalo limene ndinafikapo tsiku limenelo ndi lopendekera kumadzulo, moti timu yoyambira kumtunda imadziwa kuti m'chigawo chachiwiri idzakwera phiri. Magolo ake ndi a mitengo ya bulugamu, mtanda wapamwamba unapindika pakati chifukwa cha dzuwa ndi mvula, ndipo ukonde palibe, kotero kuti mpira ukadutsa pafupi ndi mtengo pamabuka mkangano woti walowa kapena wadutsa kunja. Mizere anailemba m'mawa ndi phulusa lotoleredwa m'makhitchini a m'mudzimo. Ana anakwera pachulu ndi mumtengo wa mango kuti aone bwino, amayi anayala zitenje kumbali ina akugulitsa vitumbuwa, nzimbe ndi mtedza wokazinga, ndipo akuluakulu anawaikira mipando pamthunzi pafupi ndi mfumu. Timu imodzi inali ndi majezi ofanana koma opanda manambala, inayo inavala malaya ofiira a mitundu yosiyanasiyana, ndipo ndinawerenga osewera asanu amene analibe nsapato. Mmodzi anavala nsapato kuphazi lamanja lokha, inzakeyo anabwereka mnzake amene amamenya ndi lamanzere.

Komabe mpira umene unaseweredwa pamenepo unali mpira weniweni. Panali mnyamata wina wapakati, wamfupi, wosapitirira zaka 17, amene ankalandira mpira wodumphadumpha pa nthaka youma ngati kuti akuulandira pa kapinga wothiriridwa, ndipo asanaulandire ankakhala atayang'ana kale kumene aupereke. Luso limenelo saliphunzira kwa mphunzitsi wa mapepala. Limachokera ku chimpombwa, mpira wa mapulasitiki omangidwa ndi zingwe umene tonsefe tinakulira, umene sugudubuzika mowongoka ndipo umakakamiza mwana kuufewetsera phazi. Chigoli chitalowa, bwalo lonse linadzaza anthu, amayi akululutira, fumbi lili koboo, ndipo panatha mphindi zingapo woyimbira asanakwanitse kubweza anthu kunja kwa mzere.

Madzulo omwewo nditabwerera m'tauni ndinadutsa pa malo oonetsera mpira pa kanema, ndipo ndinapeza modzaza anthu olipira pakhomo kuti aonere matimu a ku England. Sindikuwadzudzula, chifukwa inenso ndimaonera, ndipo mpira wa kumeneko ndi wokoma. Chimene chimandiwawa ndi chakuti munthu wa ku Mchini kapena ku Navutika angathe kutchula osewera onse 11 a Arsenal kapena Manchester United pamodzi ndi a pabenchi, angathe kukangana mpaka usiku za mphunzitsi wa ku London amene sadzamuona ndi maso, koma sadziwa dzina la timu imene imasewera pa bwalo la sukulu limene amalidutsa tsiku ndi tsiku popita ku msika. Arsenal siidziwa kuti iye alipo, ndipo kaya aonere kaya asaonere, ku London sikusintha kanthu. Koma pa bwalo la kwathu munthu mmodzi woonjezera amaoneka, mawu ake amamveka kwa wosewera, ndipo K10 yake ikhoza kugula madzi a timu yonse.

Ambiri sadziwa m'mene matimu ameneŵa amakhalira ndi moyo. Bungwe la FAZ, loyendetsa mpira mu Zambia, lili ndi ligi yaikulu pamwamba, pansi pake pali ligi ya dziko lonse ya Division One, kenako maligi a m'zigawo, ndipo pansi pa onsewo ndi pamene pali unyinji wa matimu a m'midzi, a m'makomboni, a mipingo ndi a madala, amene ambiri mwa iwo sanalembetse kulikonse. Timu yotere imayendetsedwa ndi munthu mmodzi kapena awiri, kawirikawiri mphunzitsi wa pasukulu, mwini kagolosale kapena mlimi amene anasewerako mpira ali mnyamata. Iyeyo ndiye amagula mpira, amasoketsa ukaphulika, amachapitsa majezi kunyumba kwake, amalipira woyimbira, ndipo tsiku la ulendo amayenda khomo ndi khomo kupempha ndalama ya galimoto. Chigawo chathu ndi chachikulu. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Lundazi ndi makilomita pafupifupi 180, ndipo timu yosauka ikalowa ligi yoti iziyenda maulendo otere, imagonja ndi mtengo wa mafuta isanagonje pa bwalo. Ndaona anyamata atapanikizana kumbuyo kwa lole yaing'ono kuyambira m'bandakucha, atafika n'kulowa m'bwalo osadya kanthu, n'kusewera mphindi 90 zonse. Ndaonanso matimu abwino akutha pakati pa chaka chifukwa chakuti munthu mmodzi amene ankawanyamula wasamutsidwa pa ntchito.

Tikamanena za Fashion Sakala timanyadira, ndipo n'koyenera. Anabadwira kuno ku Chipata mu 1997, anakulira kumudzi, anapita ku Nchanga Rangers ku Chingola, kenako ku Zanaco ku Lusaka, ndipo mu 2017 anali m'gulu la anyamata osapitirira zaka 20 amene anatenga chikho cha Africa pa bwalo la Heroes ku Lusaka atagonjetsa Senegal 2-0. Kuchokera apo anasewera ku Russia, ku Oostende m'dziko la Belgium, ku Rangers ya ku Glasgow ndi ku Saudi Arabia. Koma asanamuone aliyense wa ku Lusaka, anamuona anthu oimirira m'mbali mwa bwalo lafumbi longa limene ndafotokozali. Lusaka ili pa mtunda wa makilomita oposa 500 kuchokera kuno, matimu akuluakulu ambiri ali kumeneko ndi ku Copperbelt, ndipo ofufuza osewera safika m'midzi mwathu kawirikawiri. Mbiri ya mwana waluso imayenda pakamwa: woonerera amauza mphunzitsi, mphunzitsi amauza mnzake wa m'tauni, mpaka mwanayo aitanidwe kukayesedwa pa bwalo la David Kaunda mu Chipata. Pamene palibe oonerera, unyolo umenewo umaduka pa chiyambi pomwe.

Ngakhale zili choncho, sindifuna kuti tiziona mabwalo ameneŵa ngati nazale chabe yolereramo mbande zoti zikaokedwe kwina. Mwa anyamata 22 amene ndinawaona Loweruka, mwina palibe ndi mmodzi yemwe amene adzadye za mpira, ndipo zimenezo sizichotsa phindu la zimene ankachita. Pa nthawi yopuma ndinakhala pafupi ndi bambo wina wachikulire amene anabwera ndi kampando kake, ndipo nditawafunsa kuti, "Atate, mwana wanu ndi uti pamenepa?" anandiyankha kuti, "Mwanawe, onseŵa ndi anga. Akakhala pano ndimadziwa kumene ali." Anapitiriza kundiuza kuti midzi iwiriyi inakhala zaka ikukangana za malire a dimba, ndipo malo okhawo amene anthu ake ankakhalira pamodzi osatukwanana, kupatula pa maliro, anali pa mpira. Mnyamata amene akudziwa kuti Loweruka mudzi wonse udzamuyang'ana amaganiza kawiri asanagone ku kachasu Lachisanu. Mtsikana amene ali ndi timu yomudikira ali ndi chifukwa china chokhalira pa sukulu.

Pali zoipa zimene ndaziona, ndipo kuzibisa kungakhale kunama. Choyamba ndi nkhanza kwa oyimbira. Chaka chatha pa bwalo lina ndinaona woyimbira, mnyamata wodzipereka amene analipidwa ndalama yosakwana ngakhale chakudya cha tsiku limodzi, akuthamangitsidwa ndi miyala mpaka kukabisala m'kalasi chifukwa cha penate. Penateyo inali yoona, ndinali pafupi ndipo ndinaona dzanja likugunda mpira. Amene anayambitsa chipolowe sanali osewera koma amuna aakulu amene anabetcha ndalama ndipo anali atamwa. Kuyambira tsiku limenelo mnyamatayo sanagwirenso wezulo, ndipo dera lonselo linataya munthu mmodzi mwa ochepa amene ankadziwa malamulo. Timadandaula kuti oyimbira athu sadziwa ntchito, koma ndani angafune kuiphunzira ataona zotere? Palinso chizolowezi choti timu ikagonja imathamangira kunena kuti anzawo anakwirira mankhwala pagolo, m'malo movomereza kuti otchinga kumbuyo anagona, ndipo mkangano wotere umatha kuimitsa masewera ola lathunthu dzuwa likupita.

Nkhani ya kuvulala imandidetsa nkhawa kwambiri. Pa mabwalo ambiri mankhwala okha amene alipo ndi botolo la madzi. Ndinaonapo mwana atathyoka mwendo, anthu n'kumunyamula pa njinga ulendo wautali kupita ku chipatala, mwendo ukulendewera wopanda chomangira, ndipo amene anamuvulaza ankalira kuposa wovulalayo. Kabokosi ka mabandeji ndi munthu mmodzi wophunzitsidwa chithandizo choyamba sizidya ndalama zambiri, ndipo wokonza mpikisano amene wakwanitsa kugula mbuzi sangalephere zimenezi.

Andale nawonso amaudziwa mpira wa m'midzi, koma amaukumbukira chaka cha masankho. Pamenepo zikho zimachuluka, majezi olembedwa mayina awo amagawidwa, ndipo mavoti akawerengedwa zonse zimazima. Sindikana mphatso, chifukwa jezi ndi jezi, koma chimene matimu akusowa ndi zinthu zokhalitsa: magolo achitsulo, bwalo losalazidwa, chimbudzi, mjigo pafupi, ndi maphunziro a oyimbira ndi aphunzitsi. Mu 2022 boma linakweza ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo ndalamazo zimayamba kukambidwa m'makomiti a chitukuko a m'mawadi. Zoona, makalasi, zipatala ndi milatho zili patsogolo, ndipo sindingatsutse. Koma ife okonda mpira tikapanda kupita ku misonkhano imeneyo n'kukatchula bwalo, palibe amene adzalitchule. Choopsa kwambiri n'chakuti mabwalo enieniwo akutha. Chipata inakhala mzinda mu 2017, ikukula mofulumira, ndipo malo ena amene tinkasewerapo tili ana lero ndi mapuloti okhala ndi mipanda. Bwalo limayamba kudyedwa pakona, wina waika maziko, wina wadutsitsa msewu, ndipo pakutha pa zaka zitatu ana alibe pothamangira. Bwalo limene pamasonkhana anthu mazanamazana sabata iliyonse n'lovuta kulilanda, koma limene anthu analisiya limapita mwakachetechete.

Za atsikana ndinene mwachidule, ngakhale n'zofunika nkhani yakeyake. Dziko lonse linaimirira pamene Barbra Banda anagoletsa zigoli zitatuzitatu m'masewera awiri otsatizana pa Olimpiki ya ku Tokyo, ndipo tinanyadira Copper Queens, timu ya dziko ya amayi, itapita ku chikho cha dziko lonse mu 2023. Koma pa mipikisano yathu atsikana amawaseweretsa masana dzuwa lili paliwombo, anthu asanabwere, kuti bwalo likhale lopanda kanthu anyamata akamafika, ndipo mphoto yawo imakhala yotsalira. Loweruka lija ndinafika msanga dala, ndipo oonerera masewera a atsikana tinalipo osakwana 30, ambiri mwa iwo ana. Goloboyi wa timu imodzi, mtsikana wa giredi 9, anagwira mapenate awiri opanda magolovesi, akudzigwetsa pa nthaka yolimba ngati mwala, ndipo amene anamuona ndi ife ochepafe.

Chimene ndikupempha si chachikulu. Pa mwezi, sankhani Loweruka kapena Lamlungu limodzi, funsani ana a m'dera lanu kumene kuli mpira, ndipo pitani. Tengani mwana wanu. Gulani nzimbe kwa amayi a m'mbali mwa bwalo, ponyani kangachepe m'mbale ikamadutsa, ndipo ngati kunyumba kuli nsapato za mpira zimene zinakuchepani, musazisiye zikudyedwa ndi makoswe. Mukaona mwana waluso, funsani dzina lake ndipo mukalitchule kwa amene angamuthandize. Anthu akayamba kuzungulira woyimbira, khalani mmodzi mwa oimirira pakati, chifukwa mawu a munthu wamkulu wosaledzera amamvekabe m'midzi mwathu.

Masewera aja anatha 1-1, ndipo chifukwa mdima unali utayamba, mfumu ndi akuluakulu a matimu anagwirizana kuti asamenye mapenate osaona golo, koma abwereze masewera onse Loweruka likudzali pa bwalo lomwelo. Mbuzi ija anaibweza m'khola la mfumu kuti idikire. Atsikana adzayamba 12 koloko, anyamata 3 koloko, ndipo ine ndidzanyamuka pa msika wa Kapata 10 koloko m'mawa ndi mipira iwiri imene anzanga a kuntchito asonkherana. Amene ali ndi njinga ndipo akufuna kudzaona mnyamata wapakati uja ndi maso ake, tidzapitire limodzi.