Abale abwera kudzacheza ku Joni: muwatengere ku Maputo, ku mathithi kapena ku Eswatini?

Makolo akatsika basi pa Park Station kapena ndege pa OR Tambo, sabata yoyamba imathera kupuma, kuphika ndi kuzungulira m'mashopu. Yachiwiri ikafika, mwana wawo wa ku Joni amayamba kuganiza zowakweza m'galimoto kuti akaone nyanja yamchere kapena mathithi a Victoria. Mayiko onse ozungulira South Africa amayendera kumanzere kwa msewu ndipo nthawi yawo ndi imodzi, motero munthu amayesa ngati kuwoloka n'kungodinditsa pasipoti basi. Koma dziko lililonse lili ndi pake pomwe limagwirira woyendetsa.

Musanasankhe kopita, tsegulani pasipoti ya mlendo muone chidindo cholowera. Mmalawi amapatsidwa masiku 30 ku South Africa popanda viza. Ambiri amaganiza kuti akatuluka kupita ku Mozambique n'kubwerera, alandira masiku ena 30 atsopano. Nthawi zambiri sizitero: wa pachipata amangomupitirizira masiku amene anatsala, chifukwa munthuyo sanabwerere kwawo. Wopyola masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, wopyola kuposa apo zaka zisanu. Agogo akhoza kutsekeredwa njira yodzaonera adzukulu chifukwa cha ulendo wa masiku anayi womwe unaikidwa kumapeto kwa mwezi. Choncho ulendowu uchitike pakati pa mwezi. Muwerengenso masamba opanda chidindo, poti chipata chilichonse chimadya zidindo ziwiri popita ndi ziwiri pobwera, ndipo Botswana, Zambia ndi Mozambique amafuna pasipoti yotsala ndi miyezi isanu ndi umodzi. Inu eni ake mudziyang'anenso. Amene akukhalira pepala lopempha kukhala wothawa kwawo asayerekeze kutuluka, pepalalo limafa akangowoloka malire.

Mapepala a galimoto ndi amodzi kulikonse: chikalata cha umwini kapena kope lake lodindidwa kupolisi, laisensi, ndi chomata cha ZA kumbuyo, chosonyeza kuti galimotoyo ndi ya ku South Africa. Galimoto ikakhala ya ngongole, banki iyenera kulemba kalata yokulolani kutuluka nayo, yotchula mayiko ndi masiku, ndipo kalatayo siituluka tsiku lomwelo. Yobwereka kwa mlamu ifunika kalata yolumbira ya mwiniwake. Funsaninso a inshuwaransi yanu ngati amalipira ngozi ya kunja kwa malire, komanso ngati achimwene amene abwera kuchokera ku Lilongwe angagwire chiwongolero. Ambiri amazindikira kuti dzina la mbaleyo silinalembedwe galimoto itagundidwa kale.

Maputo ndiye pafupi, makilomita pafupifupi 550 pamsewu wa N4 kudzera pachipata cha Lebombo ndi Ressano Garcia. Msewu ndi wosalala, ngakhale uli ndi zipata zolipiritsa mbali zonse ziwiri. Pamalire mumalemba chilolezo cholowetsera galimoto kwa kanthawi n'kugula inshuwaransi ya masiku 30 yomwe iwo amati seguro. Anyamata othamangira galimoto ponena kuti akuthandizani mapepala musawapatse pasipoti m'manja, mafomuwo munthu amadzaza yekha. Vuto la Mozambique lili mumsewu. Liwiro limatsika kufika pa 60 pa kamudzi kalikonse, chikwangwani nthawi zina sichioneka bwino, ndipo apolisi apamsewu a malaya oyera amaima pomwepo ndi kamera. Adzafuna kuona matirayango awiri ofiira ndi chovala chowala usiku, ndipo chovalacho chikhale m'kati mwa galimoto, osati pansi pa masutikesi. Akakulembani chindapusa, mawu ake ndi multa, pemphani recibo, ndiye lisiti. Aliyense ayende ndi pasipoti yake ngakhale popita kumsika wa nsomba, chifukwa kumeneko wapolisi amatha kuifunsa kwa munthu woyenda pansi. Phindu lake ndi loti mutanyamuka m'mamawa, madzulo makolo akhala akuponda mchenga, ndipo kuyambira pomwe mlatho wa Maputo-Katembe unatsegulidwa mu 2018, ngakhale ku gombe la Ponta do Ouro kumafikika pa tala.

Zimbabwe imagwirira m'thumba, ndiponso pachipata penipeni. Kuchokera ku Johannesburg kufika pa Beitbridge ndi makilomita pafupifupi 540, kenako 320 kukafika ku Bulawayo ndi ena 440 kukafika ku mathithi. Pa Beitbridge pamagwira ntchito usana ndi usiku, koma mumalipira zinthu zingapo motsatizana: ndalama yodutsira pachipata, msonkho wa utsi, ndalama yogwiritsira ntchito msewu ndi inshuwaransi, kuwonjezera pa chilolezo cholowetsera galimoto kwa kanthawi, chotchedwa TIP, chochokera ku ZIMRA, bungwe lotolera misonkho la dzikolo, chomwe mungathe kuyamba kudzaza pa intaneti musananyamuke. M'kati mwa dziko muli zipata zina zolipiritsa za ZINARA, bungwe loyang'anira misewu. Ndalama ya dzikolo, yotchedwa ZiG, inayamba mu 2024, koma mlendo amayendera madola a America, ndipo chenji chimasowa. Tengani timapepala ta 1, 5 ndi 10, tosang'ambika. Galimoto ikhale ndi chozimitsira moto, matirayango awiri, tayala la sipeya, jeke, ndi timapepala towala, toyera kutsogolo, tofiira kumbuyo. Mu Disembala ndi pa Isitala, pamene anthu a ku Zimbabwe, Malawi ndi Zambia onse akuthamangira kumudzi, mzere wa pa Beitbridge si wa munthu wokalamba wodwala shuga kapena miyendo. Msewu wa Bulawayo kupita ku Victoria Falls nawonso wakhala wokumbika kwa zaka chifukwa cha malole a malasha a ku Hwange, ndiye usiku musauyende.

N'chifukwa chake kwa amene cholinga chawo ndi mathithi, njira ya Botswana ndiyo yofewa, ngakhale iwonjezera zidindo. Mumalowera pachipata cha Groblersbrug ndi Martin's Drift, kudutsa Palapye, Francistown ndi Nata mpaka ku Kasane. Popeza Botswana ili m'mgwirizano umodzi wa kasitomu ndi South Africa, galimoto ya nambala ya ku South Africa siifuna TIP. Mumangolipira chilolezo cha msewu ndi inshuwaransi pakauntala imodzi, m'mapula kapena pakhadi. Koma dzikoli limateteza ng'ombe zake mopanda chisoni. Pamipanda yoletsa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amatsegula bokosi lozizira, amalanda nyama yaiwisi, ndipo nthawi zina aliyense amatsika kukaponda m'madzi a mankhwala ndi nsapato zake. Kamba amene amayi akonza akhale wophikaphika: nkhuku yokazinga, mazira owiritsa, mandasi. Ana osakwana zaka 18 amafunsidwa chikalata cha kubadwa chosonyeza makolo onse awiri, ndipo kholo limodzi likatsala pafunika kalata yake yolumbira. Mdzukulu amene wabwera ndi agogo okha ndiye amabwezetsa galimoto yonse pachipata. Makilomita 300 a pakati pa Nata ndi Kasane ndi a njovu, yendani dzuwa lili pamutu ndipo thirani mafuta musanachoke pa Nata. Mtsinje wa Limpopo ukasefukira m'dzinja, chipata cha Groblersbrug chimatha kutsekedwa.

Mukafika ku Kasane, mlatho wa Kazungula, womwe unatsegulidwa mu Meyi 2021, umakuwolotserani ku Zambia. Kumeneko makolo amamasuka, chifukwa ku Livingstone, tawuni ya pafupi ndi mathithi, Chinyanja chimamveka ndipo nsima ili paliponse. Galimoto ndiyo imavutika: msonkho wa utsi, wa khonsolo, wa msewu, inshuwaransi, komanso apolisi amafuna umboni woti si yobedwa. Ngati mukupita tsiku limodzi lokha, kusiya galimoto pamalo ogona ku Kasane n'kukwera ya eni malo kumapulumutsa ndalama ndi maola. Pakhomo la mathithi kumbali ya Zimbabwe, ngakhalenso ku Kruger, paki ya nyama zakutchire ya ku South Africa, onetsani mapasipoti, poti nzika za SADC zili ndi mtengo wotsika kuposa alendo a kutsidya la nyanja.

Eswatini ndi ya amene atsala ndi masiku awiri okha: maola anayi kufika pa Oshoek, kamsonkho kamsewu kamodzi, ndipo randi imagwira ntchito ngati kwawo.

Za malungo ziganiziridwe mosiyana m'galimoto imodzi yomweyo. Agogo a ku Salima akhala nawo moyo wawo wonse, koma mwana wobadwira ku Johannesburg thupi lake silinakumanepo nawo, pomwe Maputo, Kruger, Kasane ndi Livingstone konse kuli udzudzu wa malungo. Kaonaneni ndi dokotala za mankhwala oteteza sabata imodzi musananyamuke, ndipo mwana akatentha thupi mutabwerako, auzeni achipatala dzina la dera lomwe munapita kuti amuyeze magazi tsiku lomwelo.