Tikugulitsa siginecha, ana akugwidwa ndi magetsi

Abale anga, ndiloleni lero ndilankhule za ntchito yanga, chifukwa zimene ndaona sabata ino zandisowetsa tulo.

Ndine mmisiri wa zamagetsi kuno ku Lilongwe. Ntchitoyi ndinaiphunzira kusukulu, ndinakhoza Trade Test, ndipo chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndili nacho. Chaka chatha mayi ena omwe ankamanga nyumba ya zipinda zitatu anandipempha kotesheni. Ndinawalembera zonse: waya wa 1.5 wa mababu, wa 2.5 wa masoketi, wa 6 wa kuka (chitofu cha magetsi), mabuleka odula magetsi pakakhala vuto, ndi ndodo ya earth yokhomera pansi. Atayang'ana pepalalo anapukusa mutu. "Bambo, mwadulitsa. Pali mnyamata wina wati achita ndi theka la mtengowu." Sindinawakwiyire. Munthu amene wafika pa wayaring'i amakhala kuti simenti ndi malata zamuyamwa kale, ndipo kwacha iliyonse amaiwerenga kawiri.

Lachiwiri lapitali mayi aja anandiimbira, mawu akunjenjemera. Mwana wawo wamng'ono anagwidwa ndi magetsi potsegula mpopi wa kubafa. Mulungu ndi wachisoni, magetsiwo anangomuponyera kukhoma, moyo ulipo.

Nditakwera kusiling'i ndi tochi, mtima unandiwawa. Mawaya anangowapotokola n'kukulunga ndi zidutswa za jumbo, tepi ndi pang'ono chabe. Kuka anaikokera waya wa masoketi, n'kuika buleka wamkulu kuti asamagwegwe. Amene amadziwa ntchitoyi akumva kuopsa kwake: waya woonda akasenza katundu woposa mphamvu zake amatentha, pulasitiki yake n'kuyamba kusungunuka, buleka ali phee chifukwa kwa iye katunduyo ndi wochepa. Pamenepo ndi pamwamba pa matabwa ouma a denga, pansi pakugona ana. Waya wa earth wa giza unangolendewera, osamangidwa paliponse. Magetsi athu ndi a 230V. Akathawira pa chitsulo cha giza amafuna njira yopita pansi, ndipo earth ikasowa njirayo imakhala munthu wonyowa amene waima pa simenti opanda nsapato.

Mwina mukuganiza kuti ndalemba izi kuti ndinyoze anyamata opanda mapepala amene akutilanda ntchito. Ayi. N'zoona kuti akutilanda, ndipo zimapweteka kutaya ntchito chifukwa choti wakana kugula waya wonyenga. Waya uja wa mtengo wotsika, ukamukanda ndi mpeni mkati amaoneka woyera, mkuwa uli kunja kokha ngati utoto. Koma anyamatawa ndimawadziwa. Ena ananyamulapo makwerero anga, manja awo ndi aluso, ndipo alipo amene amapinda paipi bwino kuposa ine. Chimene anasowa ndi fizi komanso wowauza chifukwa chake zinthu zimachitidwa motero. Amadziwa kuyatsa babu, koma palibe anawaphunzitsa kuyeza ngati nyumba ili yotetezeka. Nawonso ali ndi lendi yoti alipire.

Chimene chandiwawa kwenikweni ndi ichi. Kuti nyumba ilumikizidwe ku magetsi a ESCOM pamafunika mapepala osainidwa ndi mmisiri wovomerezeka ndi MERA. Lamuloli ndi labwino, analiika kuti munthu wodziwa aone ntchito ndi maso ake magetsi asanalowe. Ndinawafunsa mayi aja kuti wosaina mapepala awo anabwera liti kudzayeza. Anati sanamuonepo nkhope. Mnyamata uja anangotenga mafomu m'mawa, madzulo n'kubwera nawo atadindidwa.

Ndiye wosainayo ndi mmodzi wa ife. Ali ndi chiphaso ngati changa, amadziwa bwino lomwe ntchito ya earth, koma anagulitsa dzina lake pa nyumba imene sanaipondemo. Mnyamata uja analakwa mosadziwa. Uyu analakwa akudziwa. Ife amisiri timakonda kudandaula kuti osalembetsa atiphera msika, koma msikawo ukuyenda ndi chidindo cha ndani? Tonse titakana kusaina ntchito imene sitinaiyeze, wopanda chiphaso sangamalize nyumba payekha. Angakakamizike kugwira pansi pa munthu wodziwa, kapena kupita kukalemba mayeso.

Achimwene anga a ziphaso, ndalama ya siginecha ndi yochepa kwambiri kuti ilipire maliro a mwana wa eni. Ngati mnyamata wakubweretserani mafomu, kwerani naye minibasi, kaoneni nyumbayo, tsegulani DB (bokosi la mabuleka), yezani. Mukapeza zolakwika muuzeni akonze, mumuonetsenso kakonzedwe kake.

Aphwanga amene mukugwira opanda mapepala, a TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ali ndi njira yoyesa luso la munthu amene anaphunzirira ntchito pamanja. Kafunseni. Ineyo ndine wokonzeka kukhala pansi ndi aliyense Loweruka masana, tiwerenge limodzi za kukula kwa mawaya ndi mabuleka, popanda kulipira.

Inunso omanga nyumba, musachite manyazi kunena kuti, "Tandionetsani chiphaso." Pogula waya pitani nawo kusitolo. Ndipo wosaina mapepala anu mumuone ndi maso, ataima m'nyumba mwanu ndi mita yoyezera m'manja. Matailosi mukhoza kudikira nawo chaka chamawa, koma waya akalowa m'khoma, kumutulutsa n'kugumula pulasitala.

Kwa mayi aja ndi zimene zatsala. Mawa m'mamawa ndikupita ndi anyamata anga awiri kukayamba kugumula khoma la kukhitchini. Panopa magetsi ndawazimitsira, akuphika pa mbaula, ndipo mwana uja akukanabe kulowa kubafa, akumusambitsira m'beseni panja.