Maola 24 aja si onse

Alembi, mwati asilikali oyang'anira mizinga ya nyukiliya ya Minuteman III amagwira maola 24 n'kubwerera kwawo. Mwachepetsa. Ku malo a asilikali a Minot, m'chigawo cha North Dakota ku America, ntchito imayamba ndi msonkhano wa malangizo m'mawa, kenako ulendo wautali wa pagalimoto kukafika kuchipinda chapansi pa nthaka. Mmenemo amakhala awiri okha, kuyang'anira mizinga 10, foni ya m'manja osalowa nayo. Wina akagona, mnzake ali maso.

Chipale chofewa chikatseka misewu, owalandira safika, ndiye amagonanso momwemo. Apa mpamene mabanja amavutikira, makamaka ngati bambo ndi mayi onse ali pa ntchito yomweyi. Mwana akatentha thupi usiku, athamange naye kuchipatala ndani?