Kachipangizo kapachala si kokhomera m'kabati

Ndakwiya, ndipo lero ndilankhula. Loweruka usiku mchemwali wanga wamng'ono anachira kudzera pa opaleshoni pachipatala china konkuno ku Mulanje. Ku fiyeta zonse zinayenda bwino, mwana analira, mayi wake anatuluka wamoyo. Atamufikitsa ku wodi, amayi athu, amene anali gadiyani, anaona kuti munthu akungogona, akuliza mkonono wachilendo, akamuitana akuyankha mwaulesi. Anakauza namwino. Namwinoyo anayankha mwaulemu ndithu: "Amayi, kachipangizo koyezera mpweya pachala kalipo, koma kakhomeredwa m'kabati. Kiyi apita naye akuluakulu a wodi." Anachita kuthamanga kukabwereka ka ku fiyeta. Katangomupana chala kanaonetsa 86.

86, abale anga! Munthu wabwinobwino amakhala pa 95 mpaka 100. Zikatsika kufika pansi pa 90 ndiye kuti okosijeni m'magazi wachepa moopsa, pakufunika kuthamanga. Anamuika pa mpweya, anamukweza kumutu, nambala inakwera. Koma nthawi yonse imene kiyi anali kunyumba kwa munthu, mchemwali wanga ankatsika palibe woona.

Kachipangizo kameneka, kotchedwa pulse oximeter, kakakhomeredwa m'kabati ndi chimodzimodzi kuti palibe. Malo ake ndi pachala cha wodwala, basi. Mlonda wa ku esiteti ya tiyi mungamutume kukalondera usiku tochi mutaikhomera mu ofesi?

Munthu wochoka ku fiyeta sanachoke pangozi. Mankhwala ogonetsa aja sathera pakhomo la fiyeta, amatsalira m'thupi. Jakisoni wopha ululu ngati pethidine kapena morphine amachepetsa kapumidwe. Jakisoni wapamsana amagwetsa BP. Mayi wongobereka kumene akhoza kumataya magazi mwakachetechete, mtima n'kuyamba kuthamanga, ndipo kachipangizo komweko kamaonetsanso kugunda kwa mtima. Maola oyamba amenewo ndi amene munthu amafunika diso kwambiri, ndiye ndi nthawi imeneyo mukukhomera diso m'kabati?

Wina andiuza kuti namwino wodziwa ntchito amaona ndi maso. Aona chiyani? Mabuku amati wosowa mpweya milomo imachita buluu. Pakhungu lathu lakudali zimenezo siziwoneka msanga, makamaka usiku, babu limodzi wodi yonse. Ndipo munthu wochepa magazi, monga alili amayi ambiri oyembekezera kuno, akhoza kutsika kwambiri osasintha mtundu n'komwe. Kachipangizo kaja kamawalitsa kuwala kudutsa m'chala, n'kuwerenga kuchuluka kwa okosijeni amene magazi anyamula. Kamaona zimene diso la munthu silingaone, kamalira munthu asanafike poipa. Ubongo ukasowa mpweya kwa mphindi zochepa chabe umaonongeka, ndipo subwerera. Madzi akatayika saoleka.

Si nkhani yatsopano iyi. Mu 2008 bungwe la WHO linatulutsa mndandanda wa mafunso ofunsa pa opaleshoni iliyonse, ndipo limodzi la mafunsowo, asanamugonetse munthu, ndi lakuti kodi pulse oximeter ili pa wodwala ndipo ikugwira ntchito? Mu 2011 kunayambika bungwe la Lifebox, ntchito yake kufalitsa tizipangizo timeneti, tachikasu tija, m'mayiko osauka, ndipo kuno ku Malawi tinafika. Nthawi ya Covid ngakhale anthu wamba anatidziwa, ena anachita kugula tawo m'mafamase. Kamayendera batire, kamakwana m'thumba la yunifolomu. Ndiye mu chaka chino wodi ya amayi ochitidwa opaleshoni igone usiku wonse popanda kamodzi kogwira?

Ma clinical officer ogonetsa anthu ndimawapatsa ulemu. M'zipatala za m'maboma ndi iwo amene amanyamula ntchito imeneyi, nthawi zina munthu mmodzi usana ndi usiku, maso pa monita, khutu pa kulira kwa makina. Amamusunga wodwala bwinobwino mpaka kumutulutsa. Ndiye ntchito yonseyo ikatayikire pa bedi la ku wodi chifukwa cha kiyi? Ayi, zimenezo ndikukana.

Kumbukiraninso kumene tili. ICU yeniyeni, ya makina opumira munthu, ili ku Queens ku Blantyre, ndipo mabedi ake ndi owerengeka, odwala ochokera m'maboma onse ozungulira akulimbirana omwewo. Wa kwa Mabuka, wa ku Muloza, wa ku Thekerani, akafika poti akufunika bedi limenelo ndiye kuti zavuta kale, ulendo wake ndi wautali. Chimene chingatipulumutse ife kuno ndi kuona vuto likadali laling'ono. Kachipangizo kapachala, makina a BP, ndi namwino wolemba manambala pa tchati nthawi ndi nthawi, ndiyo ICU yathu imeneyo. Mukaikhomera mwatilanda zonse.

Ndikudziwa, amati tizipangizoti timabedwa, amati anamwino ndi ochepa. Kamangeni ndi tcheni pa tirole ngati n'kutero, kapena kiyi azisiyirana pogawana ntchito monga amasiyirana wa kabati ya mankhwala. Kuopa kuti kabedwa kusapose kuopa kuti munthu afa. Chipangizo chimagulidwa kuti chithe ndi ntchito, chikatha agule china. Kusunga chatsopano m'bokosi pomwe munthu akubanika pabedi ndi nkhanza.

Ndipo inu magadiyani anzanga, lekani manyazi. M'bale wanu akachoka ku fiyeta funsani: mwamuyeza mpweya? Nambala yake ndi chiyani? Akamagona kwambiri, akamapuma modukiza, kadzutseni namwino ngakhale akukalipireni.

China chondinyansa ndi ma monita akuluakulu aja oikidwa pakona atafunditsidwa nsalu. Ukafunsa amati ndi abwinobwino, kangoduka ndi kachingwe kopita kuchala, ndipo palibe anaitanitsa kena. Makina a ndalama zambirimbiri kufera kachingwe! Pomwe ena ogwira ntchito amawathimitsa alamu ati ikusokosa, anthu agone. Alamu anaipangira kusokosa komweko. Mukaithimitsa, wodwala akamatsika akuuzeni ndani?