Sukulu Zisamadikire Kuti Dziko Liyambe Kuwatama

Ndimakondwera kwambiri ndikamva kuti sukulu yakonza mwambo wolemekeza amayi amene anaphunzira pamenepo n'kukachita zazikulu pa ntchito zawo komanso potumikira anthu. Komabe chimene chimandiwawa n'chakuti ulemu wotere kawirikawiri umafika mochedwa, mayiyo atakalamba kapena atatisiya kale, ndipo umangolondola m'mapazi mwa mphoto zimene ena anapereka kalekale. Sukulu ndi imene inamudziwa munthuyo asanatchuke, choncho ndi imene iyenera kuyamba kumuyamika.

Mu 1890, pa yunivesite ya Cambridge ku England, mtsikana wina wa pa koleji ya Newnham, dzina lake Philippa Fawcett, anakhoza mayeso a masamu kuposa mnyamata amene analengezedwa kuti ndiye woyamba pa onse. Ngakhale zinali choncho sanalandire digiri, chifukwa malamulo a nthawiyo ankalola akazi kulemba mayeso koma osawavomereza kukhala ndi digiri ya yunivesiteyo. Mayi Fawcett sanagwe mphwayi. Anapita ku Johannesburg kukaphunzitsa aphunzitsi, ndipo atabwerera ku London anatha zaka zambiri akuthandiza kukulitsa maphunziro a sekondale. Cambridge inayamba kupereka madigiri kwa akazi mu 1948, chaka chomwecho chimene iwo anamwalira. Mwambo wolemekeza amayi amene anamanidwa mwayiwu unachitika mu 1998, ndipo kunafika amayi pafupifupi 900, pafupifupi onse a zaka zoposa 70. Unali mwambo wabwino ndithu, koma nanga anzawo ambirimbiri amene sanakhale ndi moyo kufikira tsikulo anawathokoza ndani?

Kuchedwaku sikuchokera m'nkhanza nthawi zonse. Nthawi zina n'kusasamala chabe posunga mbiri. M'kaundula wa sukulu mumakhala dzina limene mtsikana analembetsa ali wamng'ono, ndipo akakwatiwa n'kutenga dzina la mwamuna wake, monga zimachitikira m'mayiko ambiri, sukulu siidziwanso kuti dokotala kapena woweruza amene akutchulidwa m'nyuzi ndi mwana wake yemwe uja. Wina amalekeza ntchito kwa zaka zingapo polera ana, ndipo akabwerera amapeza kuti anzake aamuna akwezedwa kale, motero oyang'ana maudindo okha amamudumpha. Sukulu imene ikufunadi kulemekeza amayi iyenera kuyamba ndi ntchito yotopetsa yofufuza kumene aliyense anapita.

Funso lina ndi lakuti kodi oyenera ulemuwo ndani. N'zosavuta kuitana nduna, mkulu wa kampani kapena pulofesa, chifukwa dzina lawo limakometsanso sukuluyo, ndipo sindikutsutsa kuti ambiri mwa iwo ndi oyeneradi. Koma ngati mawu akuti kutumikira anthu tikuwanena mochokera pansi pa mtima, pamndandandapo payenera kupezekanso mzamba amene wachezera usiku wosawerengeka m'chipinda chochilira, mphunzitsi amene waphunzitsa ana kuwerenga mpaka tsitsi kuyera, ndiponso mayi amene ananena zoona pamene kunena zoona kunali koopsa.

Pa mfundo yomalizayi ndimakumbukira Mayi Wangari Maathai a ku Kenya, amene anamaliza sekondale pa Loreto High School ku Limuru mu 1959, ndipo mu 1971 anakhala mayi woyamba kum'mawa ndi pakati pa Africa kupeza digiri yapamwamba kwambiri ya PhD. Chiyambireni 2004, pamene analandira mphoto ya mtendere ya Nobel, aliyense amafuna kudziwika nawo. Koma ntchito yodzala mitengo ya Green Belt Movement anaiyamba mu 1977, ndipo m'zaka zapakatizo anamangidwapo, kunyozedwa poyera ndiponso kumenyedwa, monga mu 1999 pamene ankateteza nkhalango ya Karura. Munthu wotere ulemu amausowa kwambiri pa nthawi imene anthu akumuthawa, ndipo sukulu iliyonse iyenera kudzifunsa ngati ingalimbe mtima kuyamika mwana wake pa nthawi ngati imeneyo.

Chitsanzo chimene chimandisangalatsa ndi cha Mayi Katherine Johnson, katswiri wa masamu amene anamaliza maphunziro pa West Virginia State College ku America mu 1937 ali ndi zaka 18, ndipo pambuyo pake anagwira ntchito ku NASA, bungwe la boma la America loona za maulendo a m'mlengalenga, kumene anatsimikizira masamu a ulendo wa John Glenn wozungulira dziko lapansi m'mlengalenga mu 1962. Mu 2018, kutatsala tsiku limodzi kuti akwanitse zaka 100, sukulu yawo inavundukula chifanizo chawo, zaka 81 chitulukireni pamenepo. Chimene ndikuyamikira kwambiri n'chakuti sanalekere pa chifanizo, koma anakhazikitsanso thandizo la maphunziro m'dzina lawo kuti ophunzira ena apite patsogolo pa masamu ndi sayansi.

Apa ndi pagona nkhani, chifukwa ulemu umenewu mwini wake weniweni ndi mtsikana amene akadali pa desiki. Akuluakulu anati m'mera m'poyamba. Mtsikana amene masamu akumuzunguza mutu akaona mayi ataimirira kutsogolo kwa kalasi, n'kuloza pakona pafupi ndi zenera kuti ine ndinkakhala apo ndipo mayeso ena ndinalephera, amamva zimene chikwangwani cha pakhoma sichingamuuze. Amatha kukweza dzanja n'kufunsa kuti ndalama za maphunziro anazipeza bwanji, ndipo anatani pamene ankamuderera kuntchito. Mayankho amenewa amapereka ndi munthu wamoyo yekha, n'chifukwa chake ndikupempha akuluakulu a sukulu ndi mabungwe a ophunzira akale kuti mwambowu azichita chaka chilichonse, masana ophunzira onse alipo, ndipo aziitananso amayi amene akadali pakati pa ntchito zawo.